Ambulera Inanditsogolera ku Lisbon

Lolemba, 2 Seputembala

DANDAULO. Kwa aliyense amene nkhaniyi ikumukhudza, kumwamba kapena pansi pano.

Ine, Dr. Chudamani Pudasaini wa ku Kirtipur, mphunzitsi wopuma wa jogalafe, amene ndinaphunzitsa mapu pa yunivesite zaka makumi atatu ndi chimodzi osajomba (kupatula masiku a sitalaka, omwe sanali anga), ndikudandaula mwaulemu koma mokwiya kwambiri kuti ambulera yanga yakuda, ya chigwiriro cha nsungwi, sinapezekebe. Chino ndi chaka chachitatu. Lero ndanyowanso pochokera kogula mkaka. Madzi analowera m'khosi n'kukatulukira m'sokosi.

Oganiziridwa: (1) aphunzitsi anzanga akale, anthu a madigiri koma aatali manja, (2) Sanumaya Maharjan wa nyumba ya kumadzulo, amene amamwetulira nthawi zonse akandiona nditanyowa, (3) ine ndemwe, koma ameneyu ndamufunsa ndipo wakana.

Kugula ina ayi. Ndikagula ina ndiye kuti wakuba wapambana.

Dandaulo lathera apa. Wolilandira palibe. M'nyumba muno tilimo awiri, ine ndi firiji.

Nkhani ina, yaing'ono: tikiti yafika pa foni. Watumiza ndi Nirjala, mwana wanga. Kathmandu, kusintha ndege panjira, kenako Lisbon. Loweruka pa 14. Kamwana kake, Leonor, kakukwanitsa miyezi isanu, ndiye Lolemba lotsatiralo kuli pasni, kukalawitsa mpunga woyamba. Supuni yoyamba ndi ya agogo.

Pansi pa tikitiyo walembera ine, Buwa wake (ndiye kuti bambo), kuti: "Buwa, kawiri konse munasintha maganizo. Ulendo uno mukapanda kubwera, mpunga adyetsa ndi bambo ake a Duarte, ndipo ine sindidzakuitananinso. Sindinakwiye. Ndangotopa."

Ndayankha kuti, "Ndaona." Zina zonse ndinalemba n'kufufuta.

Lachiwiri, 3 Seputembala

Duarte ndiye mwamuna wake. Sindinakumanepo naye. Ndimamudziwa ngati ndevu zimene zimadutsa kumbuyo Nirjala akamayimba foni ya vidiyo. Amayendetsa tiramu, tisitima tating'ono toyenda mumsewu pakati pa magalimoto. Mwana wanga wa madigiri awiri. Dalaivala.

Wayimba masana.

"Buwa, Duarte adzakuchingamirani pa bwalo la ndege."
"Asavutike. Ndinkaphunzitsa anthu kupeza Lisbon pa mapu iwe usanabadwe."
"Pa mapu, Buwa. Pa mapu palibe masitepe oyenda okha."
"Ndidzafika ndekha pakhomo pako. Undipatse keyala basi."
"Inu amene mumati mukapita ku Patan pafupi pomwepo mumayimba kufunsa basi yobwerera?"
"Kumeneko kunali kuyesa amayi ako ngati akudziwa."

Tikatchula amayi ake timakhala chete tonse awiri, ngati magetsi athima.

Keyala wandipatsa. Dera lake ndi Anjos.

Lachitatu, 4 Seputembala

Ndasindikiza mapu a sitima ya pansi pa nthaka ndi kuwamata pa chitseko cha kabati. Mizere inayi yokha! Mzinda umene unatumiza zombo dziko lonse lapansi, mizere inayi. Wophunzira wa chaka choyamba akanandijambulira zimenezi ndikanamupatsa C.

Dongosolo:
Bwalo la ndege, mzere wofiira. Kuwerenga masiteshoni asanu ndi anayi. Kutsika pa Alameda. Kusintha, mzere wobiriwira, wolowera kumtsinje, OSATI kwinako. Arroios ayi. Anjos inde.
Kakhadi ugula pa makina. Uyenera kukagunditsa pa geti kuti itseguke.

Tiramu sindikwera ngakhale miyendo itathyoka. Tsoka ilo ndakwera, ndiyang'ane kutsogolo, ndione ndevu zija. Kuyendetsedwa ndi mkamwini mosadziwa! Pansi pa nthaka ndi potetezeka.

Chimene chikundivuta n'chakuti kumeneko palibe woitanira. Kuno ukaima pamsewu, minibasi imakukuwira yokha kumene ikupita, ndipo ukalakwitsa anthu khumi amakutukwana mpaka utsike pamalo oyenera. Uko akuti aliyense amangoyang'ana nsapato zake. Munthu angathe kuzungulira pansi pa mzinda mpaka kufa, anthu n'kumangomupatsa mpando.

Lachinayi, 5 Seputembala

Mvula inakata m'mawa. Ndinakwera padenga ndi choko chobiriwira ndi chiduswa cha njerwa. Mzere wofiira kuyambira pa thanki la madzi (bwalo la ndege) mpaka pa chingwe choyanikira zovala (Alameda). Wobiriwira kuchokera pamenepo mpaka pa mphika wa tulasi, kamtengo kopatulika ka amake Nirjala (Anjos). Sutikesi yopanda kanthu m'manja, chiphaso changa chakale cha ku laibulale m'malo mwa kakhadi.

Ndinali pa ulendo wachitatu, ndikugunditsa chiphaso pa mpope, pamene mawu anachokera padenga la kumadzulo.

"Masta-sab! Mwayamba kudumpha mizere ngati tiatsikana ta kusukulu?"

Sanumaya. Akudziwa bwino kuti ndine Dokotala. Zaka makumi awiri ndi zisanu akunditcha Masta-sab, ngati ndimaphunzitsa a-e-i pansi pa mtengo.

"Ndili m'sitima, Sanu bahini, mlongo wanga. Musandisokoneze."
"Ndiye gwiritsani, mungagwe. Yafika pati?"
"Pa Olaias."
"Mundigulireko anyezi kumeneko, kuno akwera."

Anaseka mpaka kugwetsa dengu la tsabola. Kenako anafunsa tsiku lonyamuka. Nditati Loweruka, kuseka kunatha.

"Loweruka sasiyana, Lachiwiri sakumana. Simudziwa?"
"Ndege zimauluka Loweruka lililonse, bahini, ndipo zimatera."
"Ndege si mwana wanu. Ngati tsiku silisinthika, musungitse prasthan."

Prasthan. Tsiku la ulendo likakhala loipa, umatenga kanthu kako tsiku labwino, kukasungitsa pa nyumba ya kumene ukulowera, ndiye kuti ulendo wayamba kale. Tsiku lenilenilo ukungopitiriza. Kunamiza nyenyezi, mwachidule. Ndinamuuza kuti nyenyezi zimene zingapusitsidwe ndi kamtolo ka nsanza si zoyenera kuziopa.

"Didi ankachita," anatero. Amatanthauza mkazi wanga.
"Ankachita zambiri."

Mvula inabwera cha m'ma fili. Lisbon yense wakokoloka kulowa m'ngalande.

Lachisanu, 6 Seputembala

Sindinalankhule ndi munthu lero. Firiji inayesa kuyambitsa nkhani kawiri.

Loweruka, 7 Seputembala

Sabata yamawa ngati lero.

Ndilembe zoona kamodzi, popeza bukuli silingakanene kwa munthu. Ulendo woyamba unali wa ukwati, zaka zitatu zapitazo, mwezi ngati uno. Viza inatuluka. Amake Nirjala analongedza sutikesi sabata ziwiri pasadakhale, tsiku lililonse kutsegula, kuchotsa sari iyi, kuikamo ina. Kutatsala masiku awiri ndinanena kuti sindingawoloke theka la dziko lapansi kukaombera m'manja dalaivala. Ndinanena bwino kwambiri, mwa mfundo zitatu, ngati m'kalasi.

Yekha sakanatha kupita. Zilembo za Chingerezi zinali ngati nyerere kwa iye. Sanakangane nane. Anamasula sutikesi, kubwezera chilichonse m'malo mwake, n'kundifunsa ngati ndikufuna tiyi.

Patapita miyezi isanu ndi itatu anamwalira, ndipo tinaotcha mtembo wake m'mbali mwa mtsinje monga mwa mwambo. Nirjala anabwera yekha, anakhala masiku khumi ndi atatu a maliro, anandiphikira, anandichapira, koma sanandiyang'ane m'maso.

Ulendo wachiwiri, chaka chatha, ndinati bondo. Bondolo lilibe mlandu. Ndikulipepesa pano.

Lamlungu, 8 Seputembala

Ndapita ku sitolo yaikulu ya m'tauni kukayeserera masitepe oyenda okha. Ndinaima pansi pake mphindi zingapo ndikuwaphunzira. Mayi wina wachikulire kundiposa, atanyamula thumba la mpunga, anati, "Achimwene, ngati mukudikira kuti aime, saima," n'kundidutsa. Ndinakwera. Kutsika kunali ngati mbuzi ikutsika m'lole, koma ndinatsika. Kasanu.

Pobwerera ndinagula kambale kasiliva ndi kasupuni kake. Wosula anafunsa kuti, "N'ka mdzukulu wa mwana wamwamuna kapena wamkazi?" Ndinati wamkazi. Anati, "Ali kuti?" Ndinati Lisbon. Anati, "Aa, mphwanga ali komweko, amatsuka mbale. Aliyense ali komweko. Tatsala ife osula masupuni."

Kasupuniko n'kakang'ono kuposa chala changa. Ndakaika patebulo. Ndikungokayang'ana.

Lolemba, 9 Seputembala

Nirjala watumiza vidiyo. Leonor akuyesa kudya phazi lake. Mphumi ndi ya amake Nirjala, yeniyeni. Dzanja laubweya likumuchirikiza kumsana. Likumugwira bwino, ndivomereze. Mwina kugwira chiwongolero kumathandiza.

Ndaionera kasanu ndi kawiri, kenako ndinasiya kuwerenga.

Sindinakwere padenga. Si sitima imene ikundiopsa. Ndikuopa mphindi imene chitseko cha ku Anjos chidzatseguka, munthu uja ataima pamenepo, ine n'kusowa koika maso. Ameneyo akudziwa zimene ndinanena. Akudziwanso kuti mpongozi wake wamkazi anamwalira asanamuone. Pa mapu palibe mzere wodutsa pamenepo.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Zifukwa zimene munthu wanzeru sangayendere sabata ino:
denga likudontha pangodya ya kumpoto;
tulasi adzathirira ndani;
kuthamanga kwa magazi (ndayeza, kuli bwino, koma kungasinthe);
Loweruka.

Ndinaseka nditalemba chomalizacho. Kenako sindinaseke.

Lachitatu, 11 Seputembala

Ndatumiza. Ndalemba kuti: "Nirjala, Loweruka si tsiku labwino kunyamuka. Amayi ako sakanalola. Tione mwezi wina."

Kubisala kumbuyo kwa munthu wakufa. Dr. Pudasaini, amene analemba kalata m'nyuzipepala kunyoza openda nyenyezi.

Ndinadikira kuti andikalipire. Ndinakonzeratu mayankho, abwino ndithu. Patapita ola foni inalira.

"Chabwino, Buwa."

Basi. Mawu awiri. Ndaphika mpunga wa anthu awiri mosadziwa. Wotsalawo ndapatsa akhwangwala.

Lachinayi, 12 Seputembala

Ndilembe mwadongosolo.

Cha m'ma teni Sanumaya anagogoda pageti. Chimwalirireni mkazi wanga sanagogodepo, timangokuwirana padenga.

"Masta-sab, sitima yanu yafa? Masiku anayi sindinaimve."
"Ulendo waimitsidwa pa zifukwa za nyengo."
"Nirjala wandiyimbira. Akulira."
"Amakuyimbirani inu?"
"Lamlungu lililonse. Munkayesa amadziwa bwanji kuti mwaonda? Tiyeni kwathu mukatenge katundu wanu. Ngati simudzapita, ine ndatopa kusunga."

Ndinamutsatira, ndikuganiza kuti ndi mbale ina yakale. Tinakwera masitepe ake amatabwa, opapatiza ngati maganizo a mkulu wathu wa dipatimenti. M'chipinda chopemphereramo anasuntha chitini cha mpunga, n'kutulutsa chinthu chachitali chokulungidwa mu shawelo yofiira. Shaweloyo, ya amake Nirjala, ndinaizindikira ndisanazindikire china chilichonse.

Ambulera yanga. Pa chigwiriro atamangirira kansalu, m'kati muli mpunga pang'ono ndi mtedza wa supari.

"Wakuba!" ndinatero. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.
"Wakuba ndi akazi anu. Tikiti ya ukwati ija inalinso ya Loweruka, mwaiwala? Anabwera nayo Lachinayi m'mawa, inu muli kubafa."
"Bwanji sanasungitse chinthu chake?"
"Ndinawafunsa zomwezo. Anati, 'Ine mtima unapita kale, Sanu. Wofunika kumutsogoza ndi bamboyo.'"

Ndinakhala pansi, pamkeka, popanda wondiuza.

Akuti nditathetsa ulendo madzulo a tsiku lomwelo, Sanumaya anafuna kuibweza. Mkazi wanga anakana. Anati ulendo ukayamba subwerera m'nyumba, isungeni, adzaitenga tsiku lonyamuka, musamuuze. Miyezi isanu ndi itatu yonse ija ndikufufuza ambulera m'nyumba, kutukwana aphunzitsi anzanga mmodzimmodzi, iye ankandipukuta mutu ndi thaulo n'kumati, "Ipezeka."

Ndinayesa kudziteteza. "Prasthan imagwira ntchito masiku ochepa chabe. Sikhala zaka zitatu. Funsani wansembe aliyense."
"Ha! Mwayamba liti kudziwa malamulo a zinthu zimene simukhulupirira?"
"Komanso Lisbon sali kumadzulo kwenikweni. Njira yachidule imapendekera kumpoto. Inayenera kukasungidwa ku galaja ya njinga zamoto."
"Ikanakhala ku galaja bwenzi pano itagulitsidwa. Masta-sab, tamverani. Munanyamuka zaka zitatu zapitazo. Mwangoima panjira ngati bulu. Nyamulani ambulera yanu mubwerere nayo kunyumba, kapena isiyeni mpaka mkuja. Koma sankhani msanga, ndili ndi mphodza pamoto."

Kuchokera pageti langa kufika pa lake ndi mapazi khumi ndi anayi. Ndawerenga pobwerera. Mamita khumi m'zaka zitatu. Pa liwiro limeneli ndidzafika ku Lisbon pakatha zaka mamiliyoni awiri ndi theka. Mpunga udzakhala utazizira.

Ambulera ndaisiya, ndatenga shawelo yokha. Ndabwerera mvula ikundimenya, iye ali pawindo, akumwetulira monga mwa nthawi zonse.

Lachisanu, 13 Seputembala

Ndinadikira mpaka masana kuti kwawo kuche. Ndinayimba. Anayankha ndi mwamuna wa Nirjala.

"Namaste, Buwa." Katchulidwe koopsa, ngati munthu akutafuna chingwe. Koma anati Buwa.

Tinalankhula Chingerezi, chake chothyoka, changa cha m'mabuku. Anati Nirjala akusambitsa mwana. Ndinati sindikufuna Nirjala, ndikufuna iyeyo. Ndinamuuza kuti ndege itera Lamlungu masana, ndipo ngati galimoto yake ili ndi malo a sutikesi imodzi, sindikana.

Anaseka. "Ndilibe galimoto, Buwa. Tsiku lonse ndimayendetsa, ndiguliranji ina? Ndimati ndibwere tidzakwere sitima limodzi, ine ndinyamule sutikesi. Koma mudzatsogolera ndinu. Ndaona vidiyo ya padenga. Pa Alameda mumakhota bwino kuposa anthu obadwira kuno."

Vidiyo ya padenga! Sanumaya! Mayi amene amati sadziwa kuyatsa tochi ya pa foni! Nkhaniyi ndidzaitengera kukhoti.

Ndinafuna kunena china, chija ndakhala ndikuchikonza zaka zitatu. Chinakana kutuluka. M'malo mwake ndinafunsa ngati n'zoona kuti tiramu imakwera phiri popanda kubwerera m'mbuyo. Anati amathira mchenga pa njanji kuti mawilo agwire. Mchenga! Sindinkadziwa. Anafotokoza mphindi khumi, ndipo ndivomereze kuti amafotokoza momveka kuposa theka la dipatimenti yathu.

Kenako Nirjala anatenga foni.

"Buwa, mukubweradi?"
"Ndinanyamuka kale. Amayi ako anandinyamutsa osandiuza."
"Ndikudziwa," anatero. "Anandiuza tsiku lomwelo."

Aliyense ankadziwa kupatula mwini ambulera.

Ndalongedza. Kambale ndi kasupuni ndazikulunga mu shawelo yofiira. Makiyi a padenga ndapereka kwa kazitape wa kumadzulo, athirire tulasi.

Loweruka, 14 Seputembala

Pa bwalo la ndege, geti lachitatu.

M'mawa taxi inaima pageti la Sanumaya, osati langa, chifukwa munthu sanyamuka kawiri. Anandipaka tika, kadontho kofiira ka madalitso, pamphumi, kundimwetsa chambiko, kundipatsa nthochi, n'kuti, "Mukasochera musayimbire ine." Kenako anandipatsa ambulera. Ndinaitsegula pamsewu pomwepo. Mbewa zadya mbali ziwiri. Kumwamba kukuonekera bwinobwino. Ndipo lero, tsiku loyamba m'sabata zitatu, dzuwa lili phwee.

Choncho:

DANDAULO LOMALIZA. Woimbidwa mlandu wapezeka, ndipo lamulo likufuna kuti atchulidwe dzina lake lenileni. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi ndinkangoti "amake Nirjala" kapena "tamvera." Lero ndilemba.

Ambika.

Ambika Pudasaini, munaba ambulera ya mwamuna wanu ali kubafa, munabisa umboni kwa mboni yabodza, ndipo munachoka mlandu usanazengedwe. Wodandaula akufuna chipukuta misozi motere: choyamba, nyengo zitatu za dzinja zibwezedwe kwa iye zili zouma, pamodzi ndi chimfine chilichonse. Chachiwiri, mbewa zipepese polemba kalata. Chachitatu, mawa masana mukapezeke pa Alameda, pamene mzere wofiira ukumana ndi wobiriwira, mutavala sari ija munkaichotsa ndi kuibwezera, ndipo mukandikoke dzanja la malaya ngati ndayamba kunena mfundo zitatu kwa mkamwini.

Apilo palibe.

Akuitana ndege. Mtsikana wa pageti wayang'ana ambulera, wayang'ana ine, wati ndingalowe nayo.